Ife a pasikelo tikufunika bolopeni yachitsulo

Anzanga ogula soya ndi mtedza kuno kwa Kamwendo, tisamatayenso ndalama pa mabolopeni apulasitiki. Ntchito yathuyi saikwanitsa. Lisiti la kaboni limafuna kudinikiza kwambiri kuti zolemba zifike pa tsamba lachitatu, ndiye kapulasitiki kamangong'aluka. Ukakaika m'thumba la kumbuyo n'kukwera kabaza, pofika pa boma kathyoka, inki yonse ili pa thalauza.

Ine ndimayenda ndi Parker Jotter ya chitsulo chosachita dzimbiri. Mtundu umenewu anayamba kuupanga mu 1954 ndipo mpaka lero ukupangidwabe. Ilibe chivindikiro choti n'kutayika, umangodina kumutu kwake. Kokolekera kake kamagwira thumba la malaya mwamphamvu, ngakhale uwerame kukweza thumba la makilogalamu 50 siigwa. Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti inki ikatha sugulanso bolopeni yonse, umangosintha kamtima ka m'kati basi.

Palinso Zebra F-701, pogwirira pake ndi pokhakhala moti siiterereka zala zikachita thukuta.

Mtengo ndi wokwererapo, inde, ndipo musamabwereketse mwachisawawa.

Amene mukupita ku Lilongwe sabata ino mundiuze chonde, ndikufuna timitima ta inki yabuluu.