H wave imasowa chifukwa cha kugundana m'njira

Mtima wakhala pansi tsopano. Pa nkhani ya H-reflex ya agalu, yankho la msana ukagunda mtsempha wa mwendo ndi magetsi, chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti ukamawonjezera magetsi pa mtsempha wa tibial wa mwendo wakumbuyo, M wave (yankho lachindunji la mnofu) imakula koma H wave (yankho lodzera kumsana) imachepa mpaka kusoweratu. Magetsi achuluke, yankho lichepe, zitheka bwanji?

Magetsi akakhala ochepa amayamba kudzutsa ulusi wa Ia, womwe umanyamula uthenga kuchoka ku mnofu kupita kumsana. Uthenga umakwera kukalowa mumsana, n'kudumpha synapse (polumikizirana maselo a mitsempha) imodzi yokha, motor neuron (selo yolamula mnofu) n'kuyankha, timinofu ta kuphazi n'kugunda. Imeneyo ndiye H, ndipo imafika mochedwa poti ulendo wake ndi wautali. Ukawonjezera mphamvu umadzutsanso ulusi wa motor, wochoka ku motor neuron kupita ku mnofu, ndipo mfundo yonse yagona pamenepa: uthenga wa mu ulusi umenewu umathamangira mbali zonse ziwiri. Wina umatsikira ku mnofu, ndiye M uja. Winawo umakwera chobwerera kumsana, n'kukumana ndi yankho la H likutsika mu ulusi womwewo. Zikagundana zimathera pomwepo. Msana wayankha ndithu, kungoti yankholo lafera m'njira.

Nditangomvetsa zimenezi, F wave, kayankho kena kofika mochedwa pambuyo pa M, nayo inamveka yokha. Ndi uthenga wokwera uja, womwe wafika pa motor neuron, zochepa chabe n'kuubweza osadutsa ku ulusi wa Ia. N'chifukwa chake imakhala yaing'ono, ndipo maonekedwe ake amasinthasintha ukamabwereza.

Kunena zoona, kanyundo ka pabondo sindikukakhulupiriranso ngati kale. Umagoneka galu chammbali, umagogoda, mwendo umatakasuka, n'kulemba 2 kapena 3 ngati muyeso wa yankholo malinga ndi mmene diso lako laonera. Mtsempha wa sciatic, wolamula minofu ya kumbuyo kwa ntchafu, ukavulala, bondo limaoneka ngati likuyankha mopyola muyeso chonsecho ndi minofu yakumbuyo yomwe yaleka kulibweza. Agalu ena okalamba sayankha n'komwe, koma akuyenda bwinobwino. Pamene ukagawa H yaikulu ndi M yaikulu umapeza nambala yosonyeza gawo la motor neuron zimene zili tcheru kuyankha. Kwa ine palibe njira yoposa imeneyi.

Chondiwawa n'chakuti m'kalasi anatithera nthawi potiloweza kuti zigawo za msana zolamula bondo ndi L4 mpaka L6, mwendo wakutsogolo C6 mpaka T2, koma za kugundanazi anangodutsapo m'chiganizo chimodzi, belu n'kulira. Paul Hoffmann anafotokoza reflex imeneyi mu 1910, ife mpaka lero tikungojambula mizere yosonyeza kukula kwa H ndi M popanda wotiuza chifukwa chimene ikupindikira. Mayeso ayandikira, ndipo nthawi yokhala pa makina oyezera ndi yochepa kwambiri.

Pali china chomwe chikundisowetsabe mtendere. Galu sangagone phee ukumubaya singano ndi kumugunda magetsi, ndiye timamugonetsa kaye, koma mankhwala ogonetsawo nawonso amafooketsa motor neuron zomwe tikufuna kuyezazo. Ndiye nambala ndikuitamayi ikunena za msana wa galuyo, kapena za mankhwala? Pamenepa ndikadaganizabe.