Lamlungu la zikhomo ndi chingwe

Lero linali tsiku lokhoma zikhomo pamalo athu ku Chiradzulu, ine ndili kuno ku Diepsloot, foni kumanja, bulangete paphewa. July wa ku Joni sachita masewera. Mwayi wake nthawi ya kuno ndi ya kumudzi ndi imodzi, ndiye 7 koloko yomwe tinapangana inali 7 koloko kwa tonse, kupatula mmisiri amene anatulukira dzuwa litakwera.

Malowo ndi akuchikazi, ine ndine mkamwini. Anzanga ena kuno amandiseka kuti ndikumwaza marandi pa dothi la eni, koma nyumbayo ndi ya ana anga, ndipo kwawo kwa anawo ndi komweko. Choncho woyamba kulankhula anali amalume a mayi a ana, eni mbumba, pamaso pa nduna ya amfumu. Anayenda malire onse akuloza ndi ndodo, kuchokera pa mango wamkulu uja mpaka pa khonje wa kumunsi, mayi a ana akuwatsata ndi WhatsApp yotsegula. Ndinapempha kuti m'ngodya zonse abzalemo khonje wina lero lomwe. Lamulo la malo a m'midzi la 2016 limalola kulembetsa malo otere, ndipo ndikapita pa Khirisimasi ndikayamba nazo zimenezo.

Mkangano unabuka pa funso loti nyumba ikhale pati. Mmisiri anafuna kumunsi, poti ndi pathyathyathya, sipavuta kusalaza. Amalume anagwirizana naye chifukwa ndi pafupi ndi msewu. "Akamwini, nyumba ya malata imafunika anthu aziyiona," anatero. Ndinapempha mayi a ana kuti aloze kamera pansi. Dothi lakuda, ming'alu yoti dzanja n'kulowa. Makande amenewo! Mvula ikagwa amafufuma, chilimwe amang'ambika, ndipo khoma lokhala pamwamba pake limang'ambika nawo limodzi. Ndinawafunsa mwaulemu kuti, "Amalume, nthawi ya Freddy, mu March 2023, madzi anadutsa pati?" Anakhala chete pang'ono, kenako analoza pomwepo pamene mmisiri anaima. Zitatero tinakwera kumtunda, pa katondo wofiira, pamene madzi amatsetsereka okha.

Kumtundako kuli chulu. Dothi lake tiumbira njerwa mwezi uno kukadali kouma, koma nyumba tayitalikitsa nacho, ndipo m'ngalande za maziko muthiridwa mankhwala a chiswe simenti isanalowe.

Tsopano pa chingwe ndi pamene ndinaumitsa khosi. Nyumbayi ndi mamita 12 mulitali, 9 mulifupi, zipinda zogona zitatu, balaza ndi khonde. Mmisiri anakhoma zikhomo zinayi, n'kuyang'ana ndi diso limodzi, akuti zatheka. Ine ntchito yanga ndi yothandiza omanga ku Midrand, ndipo kumeneko ngodya sayeza ndi diso. Ukayeza mamita 3 pa chingwe china, 4 pa chinzake, pakati pa nsonga ziwirizo payenera kukwana 5. Kwa nyumba yathu n'kosavuta: kuchokera ngodya ina kudutsa pakati kukafika ngodya yoyang'anizana nayo, tepi iwerenge 15, ndipo mbali inayo 15 yemweyo. Atayeza, kwina kunapitirira ndi chikhatho chathunthu, kwina kunaperewera. Iye akuti pulasitala adzabisa. Pulasitala amabisa khoma, koma tsiku lokhoma malata mzere wa kutsogolo umatuluka ngati mano a sowo, ndipo aliyense wodutsa amaona. Anazula zikhomo akung'ung'udza, mlamu wanga wamng'ono atagwira tepi, mpaka manambala anafanana. Ndinawauzanso kuti akhome matabwa kunja kwa ngodya iliyonse, patali pang'ono, zingwe zizimangidwa pamenepo, chifukwa zikhomo za pangodya zimachoka akayamba kukumba.

Za khitchini sindinalowerere. Mayi a ana anati ikhale kumpoto kwa nyumba, kuti mwera ukamaomba utsi uzipita kutchire, osati m'mawindo. Iwo ndiwo amaphika, akudziwa. Chimbudzi tachiika kumunsi, mamita opitirira 30 kuchokera pachitsime cha apongozi. Mango aja atsala pabwalo, koma patali ndi maziko chifukwa cha mizu.

Bandulo inatha ndisanatsanzike bwino, ndinachita kubwereka foni ya mnzanga wa ku Mangochi amene timagona naye chipinda chimodzi. Madzulo ndatumiza pa Mukuru ndalama ya anyamata okumba. Mmisiri amafuna ya simenti pompano, ndamuuza kuti ayambe wanditumizira zithunzi za ngalande, tepi ili m'kati, ndione kuti afika pa dothi lolimba. Zovala za kuntchito sizinaume, ndipo mawa takisi ya ku Midrand ndiyenera kuikwera 5 koloko isanakwane.