Kupita ndi ana aang'ono ku Senga Bay: maola anayi ndi okwana

Mwana wa zaka zitatu amakhala ndi maola atatu kapena anayi okha osangalala pa tsiku la ulendo. Akatha amenewo, chotsala ndi kulira, kuberekedwa, ndi akuluakulu kuyamba kulozana zala. Choncho ntchito yaikulu pokonza ulendo wa kunyanja ndi kuonetsetsa kuti maola ochepawo asathere mumsewu kapena pa mzere wodikira chakudya. Ku Salima nthawi yabwino ndi kuyambira cha m'ma 8 koloko m'mawa mpaka dzuwa lisanafike paliwombo.

Ochokera ku Lilongwe, msewu wa M14 ndi makilomita pafupifupi 100 kukafika ku Salima, kenako ena pafupifupi 20 kukafika ku Senga Bay. Mukanyamuka 6 koloko, pofika 8 muli pamchenga. Mwana musamudyetse phala lambiri kapena mandasi ponyamuka, chifukwa makhotakhota otsetsereka a ku Mvera amasanzitsa ana ambiri. Tiyi pang'ono ndi nthochi zikwana, zina akadye mukafika. Jumbo yopanda kanthu ndi malaya osinthira zikhale pamiyendo panu, osati m'buti pansi pa katundu. Mafuta thirani opita ndi obwerera omwe, musadalire kuti mukawapeza pa Kamuzu Road ku Salima. Oyenda pa minibasi kapena Sienta, lipirani mpando wa mwana wamkuluko ngati thumba likulola. Kunyamula ana awiri pamiyendo kwa maola awiri kumakufikitsani kunyanja mutatheratu. Ochokera ku Nkhotakota pa M5, m'dzinja yambani mwafunsa ngati milatho ili bwino.

Tsiku lake nalo musalisankhe mwachisawawa. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, mafunde amakula ndipo mwana amatuluka m'madzi milomo ikunjenjemera. Okutobala ndi Novembala ndi ng'anjo. Ine ndimaona kuti kumapeto kwa Epulo, kapena Seputembala, ndiye nyengo ya ana. Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, ndi lokoma kwa amayi athu, koma kwa mwana woyamba kumene kuyenda ndi tsiku loipa zedi: khwimbi la anthu, zimkuzamawu, mowa, mabotolo osweka mumchenga, ndi dzuwa la chilimwe pamwamba pake. Khrisimasi, Nyuwere ndi Pasaka n'chimodzimodzi. Lachiwiri wamba pa holide ya sukulu limaposa masiku onsewa.

Ana musawalonjeze makina akuluakulu ozungulira aja amawaona pa TV. Chomwe akapeze ndi mchenga, madzi, akatungwe, malo ena dziwe losambiramo, ndipo pa masiku a tchuthi jumping castle, kanyumba kopopedwa ndi mpweya kodumphiramo ana. Kwa mwana wosakwana zaka 6 zimenezi n'zambiri kale. Koma imbani foni kaye kumalo komwe mukufuna kukakhala, kaya ndi ku Sunbird Livingstonia, ku Sunbird Waterfront kapena ku malo ena ang'onoang'ono omwe ali m'mbali mwa gombeli. Funsani ndalama yolowera kwa ongobwera masana, wamkulu ndi mwana, komanso ngati ndalamayo imachotsedwa pa chakudya. Funsani ngati amalola cooler box yochokera kunyumba, chifukwa malo ambiri salola, ndipo mkangano wa pageti ana akuonerera si woyambira tsiku. Funsani ngati dziwe lili ndi mbali ya ana, ngati pamakhala munthu woyang'anira osambira, ngati tsikulo kuli ukwati kapena msonkhano. Ndipo funsani ngati mchenga ulipo. Funsoli likumveka lachibwana, koma mu 2024 nyanja inakwera kwambiri n'kumeza magombe ambiri a ku Salima ndi ku Mangochi, moti chithunzi chakale cha pa Facebook chikhoza kukunamizani. Ndalama nyamulani zina pamanja. Netiweki ikagwa, Airtel Money kapena Mpamba sizikugulirani ngakhale botolo la madzi.

Tsopano jumping castle, poti ndi yomwe ana amathamangira ndipo makolo amaiona ngati malo osungirako ana. Chinthuchi chimaima ndi mpweya wopopedwa mosalekeza ndi makina a magetsi. Magetsi akathima, makoma amayamba kugwera mkati nthawi yomweyo, ndipo mwana wamng'ono amene ali kukona amakutidwa ndi chisalu cholemera. Musanalipire, onani komwe chingwe cha magetsi chapita, mufunse ngati pali jenereta, ndipo muone ngati woyang'anira ali pakhomo pake kapena ali uko akusewera ndi foni. Zungulirani kuseri muwerenge zingwe: iyenera kumangidwa malo osachepera 6, ndi zikhomo zozama. Pamchenga zikhomo sizigwira bwino, choncho mphepo ikayamba kuulutsa mapepala ndi kugwedeza nthambi, tulutsani mwana osadikira kuti eni ake anene. Koma ngozi yofala kwambiri si mphepo ayi. Ndi mnyamata wa zaka 11 kudumphira pafupi ndi kamtsikana ka zaka zitatu: wamkulu akatera, wamng'ono amaponyedwa m'mwamba, mitu n'kugundana kapena mkono n'kupindikira pansi. Pemphani kuti aang'ono alowe paokha mphindi 10, aakulu pambuyo. Nsapato, ndolo zolendewera, switi mkamwa, zonse zitsale kunja. Trampoline, chodumphirapo cha masipiring'i chija, ndiyo musamukwezeko n'komwe mwana wosakwana zaka 6, ndipo okulirapo azidumpha mmodzimmodzi.

Katungwe ndi chotsetserekapo, ikanipo kaye chikhatho chanu. Chitsulo chomwe chakhala padzuwa la ku Salima kuyambira m'mawa chimawotcha ntchafu za mwana pofika 11 koloko. Gwedezani unyolo, onani mabawuti ndi dzimbiri, onaninso pansi ngati pali simenti kapena mchenga. Mwana wamng'ono sadziwa kuti katungwe amabwerera, amangodutsa kutsogolo kwake. Komanso musatsetsereke mutamuika pamiyendo: phazi lake likakodwa m'mbali, thupi lanu limapitirira ndi mwendo wakewo.

Kumadzi ndi komwe kumafuna lamulo louma. Mukapita anthu 8, aliyense amaganiza kuti mnzake akuyang'ana. Amayi akukonza mbale, abambo akuotcha nyama, azakhali akujambula, agogo akhala pamthunzi poganiza kuti mwana ali ndi mchemwali wake wa zaka 9. Tchulani dzina: kuyambira pano mpaka theka la ola, Chisomo ali m'manja mwa amalume. Amalumewo foni aike m'chikwama, botolo la mowa asaligwire, ndipo akafuna kuchoka apereke mwanayo pamanja kwa wina momveka. Mwana wosakwana zaka 5 azikhala pomwe dzanja lanu lingamufike. Womira sakuwa ngati m'mafilimu. Amangozimirira mwakachetechete, ngakhale m'madzi olekeza m'mawondo mwanu. Machubu a galimoto ndi timabaluni tovala m'mikono si zopulumutsira moyo. Chubu chimatembenuka, ndipo kamphepo kochokera kumtunda kamachikankhira kwakuya msanga kuposa mmene inu mungasambirire. Yambani mwalowa nokha kuyeza pansi, chifukwa mafunde amakumba maenje pomwe dzulo panali posalala. Mwana muvekeni chovala chofiira kapena chachikasu chowala, osati chabuluu chofanana ndi madzi, ndipo nambala yanu ya foni mulembe pamkono pake ndi cholembera chosafufutika.

Sambirani pagombe lotseguka, la mchenga woyera, pomwe mafunde amamenya. Pomwe pali mabango, udzu ndi madzi odikha mpomwe pamakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo tizilombo take timalowa pakhungu mwana akungoviika miyendo. Kufupi ndi mathiriro a mitsinje ngati Linthipe, kapena kudambo la Mpatsanjoka, kumapezeka ng'ona ndi mvuu. Kumeneko si kosewerera, ndipo kukayamba chisisira aliyense atuluke m'madzi. Asodzi a pamalopo amadziwa bwino kuposa wina aliyense, afunseni.

Anyamata a maboti adzabwera, akuloza chilumba cha Namalenje chomwe chikuoneka pafupi. Ulendowo ndi wokoma, kuli ng'anzi zikuluzikulu ndi mbalame. Funso ndi limodzi: ali ndi life jacket, jekete yoyandamitsa munthu pamadzi, ya msinkhu wa mwana wanu? Ya munthu wamkulu imavuka kudzera kumutu mwana akagwera m'madzi. Muvekeni, mumange malamba, mumunyamule pogwira mapewa a jeketeyo. Ikakwera kufika m'makutu, ndi yaikulu. Ngati palibe yomukwana, kapena mwera wayamba, chilumbacho chionereni patali. Mtengo mugwirizane musanakwere, wopita ndi wobwerera.

Dzuwa limapweteka ana mofulumira pamadzi chifukwa kamphepo kamabisa ukali wake. Chipewa, malaya opepuka a manja aatali, ndi mafuta oteteza kudzuwa opakidwa maola awiri alionse komanso akangotuluka m'madzi. Khanda losakwana miyezi 6 likhale pamthunzi basi. Mwana wachialubino ndiye asachoke pamthunzi kuyambira 10 koloko. Nsapato zapulasitiki zisavulidwe patali ndi madzi, mchenga wa masana umatupitsa mapazi matuza. Madzi akumwa werengerani lita imodzi ndi theka mwana aliyense, ochokera kunyumba kapena a m'botolo, ndipo muziwamwetsa osadikira kuti apemphe. Kolera ya 2022 ndi 2023 inakantha kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja, Salima ndi Nkhotakota momwemo, choncho sopo wosambira m'manja ndi mapaketi awiri a Thanzi asasowe m'chikwama. Paketi imodzi ndi ya lita imodzi ya madzi aukhondo. Mafrizesi ogulitsidwa m'ndowa, omwe simukudziwa madzi ake, asiyeni. Matewera tengani owirikiza kawiri omwe mumagwiritsa ntchito kunyumba, zitenje zitatu, ndi zovala zouma ziwiri mwana aliyense.

Chakudya itanitsani 11 koloko, njala isanafike. Khitchini ya kugombe ikadzaza, mpunga ndi chambo zikhoza kutenga ola lathunthu. Chambo mumusankhire minga ndi zala zanu, pang'onopang'ono, pambale yapadera. Kampango ali ndi minga yochepa ndipo ndi wosavuta kwa mwana. Akadya, agone pachitenje pamthunzi, kapena mulongedze.

Pali chiyeso chofuna kuthira zonse m'tsiku limodzi: nyanja, famu ya ng'ona, nsomba za mbuna zosungidwa m'matanki ku Kambiri, ziboliboli za m'mbali mwa msewu, kenako nyama ku Kuti. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ngati mukugona, Kuti Wildlife Reserve ipatseni m'mawa wake wa tsiku lachiwiri. Ili kufupi ndi tawuni ya Salima, ndipo ubwino wake kwa ana ndi woti mulibe mikango kapena njovu, moti mumayenda pansi kapena panjinga n'kumaona mbidzi ndi mphalapala chapafupi. Fikani kusanatenthe, chifukwa masana nyama zimabisala ndipo mwana amangoona tchire. Chakudya chisakhale m'manja mwa mwana pomwe pali apusi. Nkhalango ya Nkhotakota, yomwe bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015 n'kusamutsirako njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017, ndi yochititsa chidwi, koma imafuna kukhala m'galimoto nthawi yaitali, ndipo muli akashembe omwe amaluma mopweteka n'kufalitsa kaodzera. Imeneyo isungireni ana a ku pulayimale okulirapo.

Ogona, onani neti musanamasule katundu. Ikhale yopanda zibowo ndipo ifike pansi pa matiresi mbali zonse. Kunyamula yanu sikulemera.

Obwerera tsiku lomwelo, 2 koloko muzikhala mukuyenda. Mwana muvekeni zouma, mumutsuke mchenga m'mphechepeche ndi madzi oyera kuti asanyuke, ndipo musamusiye m'galimoto yotseka ngakhale kwa mphindi zochepa pomwe mukutsatsa usipa kapena mango pamsewu. Kukwera mapiri a Mvera usiku, pakati pa njinga za makala ndi akabaza opanda nyali, woyendetsa atapsa ndi dzuwa tsiku lonse, n'kosafunika.

Mukafika, lembani tsikulo pa kalendala. Malungo saonekera mawa lake. Amatenga sabata kapena kupitirira. Mwana akatentha thupi, mukamuyezetse magazi tsiku lomwelo, musangomupatsa panado n'kudikira. Likodzo limachedwa kuposa apo, ndipo kumwa mankhwala mutangochoka kunyanja sikuthandiza chifukwa tizilombo timakhala tisanakhwime. Pakatha miyezi iwiri pitani naye kuchipatala, muwauze adokotala kuti anasamba m'nyanja ku Salima, amuyeze. Mankhwala ake, praziquantel, amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa mwana, choncho musamugawire mapiritsi otsala a munthu wamkulu. Mukaona magazi mumkodzo miyezi iwiriyo isanakwane, pitani pomwepo.