Chigamba choyera pambali pa lilime

Chimene chinandipititsa kwa dokotala wa mano ndi dzino lakumapeto lomwe linkandisowetsa tulo. Atamaliza kulimata, adokotala sanandilole kudzuka. Anagwira lilime langa ndi kansalu, n'kulikokera kumbali, n'kuyang'anitsitsa.

"Bambo, chigamba choyerachi chinayamba liti?"

Sindinkadziwa n'komwe kuti chilipo, poti sichinkapweteka. Anayesa kuchipukuta koma sichinachoke. Anati dzina lake ndi leukoplakia. Si khansa ayi, koma zina mwa zigamba zotere zimadzasanduka khansa, makamaka zikakhala pambali pa lilime kapena pansi pake.

Choyamba chinali kudula kanyama kokayeza. Anandibaya jakisoni wochititsa dzanzi, n'kudula kanthu kongoposa pang'ono mutu wa machesi, n'kusoka. Zotsatira zinati maselo ayamba kusintha maonekedwe, koma pang'ono. Mtima unakhalako pansi. Ndimati zatha, osadziwa kuti chovuta chenicheni chikubwera.

Adokotala anakoka mpando n'kufunsa ngati ndingalole kuti tikambe za mowa. Zinandinyansa. Ndabwera ndi mano, za mowa zikulowa bwanji? Koma poti anachita kupempha, ndinavomera. Mafunso anali atatu okha, otengedwa pa mafunso khumi oyezera kamwedwe ka mowa otchedwa AUDIT, omwe linakonza bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO: ndimamwa kangati, ndimamwa wochuluka bwanji pa tsiku lomwe ndamwa, ndipo ndi kangati pomwe ndimafika miyezo isanu ndi umodzi pa nthawi imodzi.

"Ine ndi wa pa wikendi pokha, adokotala."

"Wikendi yanu imayamba liti?"

Ndinaseka ndekha. Imayamba Lachinayi.

Kenako tinawerengera limodzi papepala, ndipo apa ndi pomwe manyazi anandigwira. Muyezo umodzi, malinga ndi WHO, ndi magalamu 10 a alikoholo weniweni. Botolo la mamililita 330 la mowa wa 5 peresenti lili ndi magalamu pafupifupi 13. Ndiye mabotolo anga asanu ndi limodzi, omwe ndinkati ndi kungonyowetsa kukhosi, anali miyezo pafupifupi 8. Pa mapointi 12 a mafunso atatu aja ndinapeza 9.

Sanandikalipire, ndipo ndikuona kuti akanatero sindikanabwererako. Anangofotokoza kuti mowa ukalowa m'kamwa, tizilombo ta mmenemo timausandutsa acetaldehyde, poizoni yemwe amawononga DNA, malangizo oyendetsa maselo. Mowa umachititsanso kuti poizoni wa fodya alowerere mosavuta m'khungu la m'kamwa, n'chifukwa chake ziwirizi zikakumana ngozi imakula kwambiri. Ine ndudu ndinkasuta ndikamamwa pokha, ndipo ndinkayesa kuti ndiye kuchenjerako. Anati bungwe lofufuza za khansa padziko lonse la IARC linaika mowa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa kalekale, mu 1988.

Tisanagwirizane chilichonse anafunsa ngati manja amanjenjemera m'mawa, kapena ngati ndimafuna kumwako kuti tsiku liyambe. Ndinati ayi. Ndikanati inde, akananditumiza kwa dokotala wina, chifukwa munthu womwa kwambiri tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi angathe kukomoka ndi kuphupha, mwinanso kufa kumene.

Anandiuza mosabisa kuti kusiyiratu ndiye kwabwino koposa, koma poyambira anandisiya ndisankhe ndekha. Ndinachotsa Lachinayi, n'kuika malire a mabotolo atatu, madzi pakati pake, ndudu ayi. Botolo lililonse ndinkalilemba m'foni ndisanalitsegule. Kulemba utamwa kale n'kudzinamiza, dzanja limaiwala dala.

Ludzu silinandivute kwenikweni. Anandivuta ndi anzanga, chifukwa pogulirana, wokana amaoneka ngati waumbombo kapena wodzimva. Sabata yachitatu ndinagwa, mabotolo asanu ndi awiri. Ndinawalemba onse, ngakhale chala chinkakana. Pambuyo pake ndinangowauza zoona, kuti ndili ndi chigamba palilime chomwe adokotala akuchiyang'anira. Mmodzi anapita pagalasi kukatulutsa lilime lake.

Patatha miyezi itatu ndinabwererako. Adokotala anayamba ndi kuona za m'foni zija, tsiku la mabotolo asanu ndi awiri lija n'kungofunsa kuti chinachitika n'chiyani. Kenako anagwiranso lilime ndi kansalu, n'kuyeza chigambacho, n'kuchijambula kuti afananize ndi chithunzi choyamba. Chikadalipo, sichinakule. Anandichenjeza kuti chikafiira, chikalimba, kapena pakatuluka chilonda chosapola milungu iwiri, ndisadikire tsiku lomwe andilembera. Tatsitsa malire kufika pa mabotolo awiri, Loweruka lokha.