Socrates pakati pa nsawawa

Semina ya chaka choyamba ku yunivesite imasiyana kwambiri ndi kalasi yaikulu imene munthu amatha kukhala kumbuyo n'kumasinza mwamtendere. Mu semina mumakhala anthu ochepa mozungulira tebulo limodzi, ndipo mlungu uliwonse wophunzira mmodzi amatsogolera zokambirana. Pa mndandanda umene tinapatsidwa panali za nyenyezi, za malamulo, za nyimbo ndi za chibadwa cha zamoyo, koma ine ndinasankha nzeru za Agiriki akale, poganiza kuti anthu amene anamwalira kalekale sangandivutitse.

Mlungu wachiwiri udindo wotsogolera unagwera ine, ndipo mutu wake unali mlandu wa Socrates. Aphunzitsi athu anali atanena kuti mwina tsikulo adzachokapo ndipo mnzawo adzawagwirira, choncho nditalowa m'chipinda n'kupeza mayi wachilendo wa magalasi, sindinadabwe. Nkhope za anzanga nazonso zinali zisanandizolowere m'maso.

"Kodi ndinu amene mukutitsogolera lero?" anafunsa mayiwo.

"Ndine ndithu, aphunzitsi," ndinayankha, n'kusayina papepala la mayina limene linali kuzungulira.

Ndinayamba ndi mphamvu zonse. Ndinafotokoza kuti Socrates sanalembe buku ngakhale limodzi, kuti timamudziwa makamaka kudzera m'zolemba za ophunzira ake, Plato ndi Xenophon, ndiponso kuti m'chaka cha 399 BC anthu a ku Athens anamuzenga mlandu wosocheretsa achinyamata ndi wosalemekeza milungu ya mzindawo. Onse ankalemba mwakhama, chifukwa wophunzira wa chaka choyamba amalemba chilichonse chimene chanenedwa ndi munthu woimirira. Nditatchula kuti anamwetsedwa chiphe chochokera ku chomera cha hemlock, mayi aja anagwedeza mutu mokhutira, ngati munthu amene waona kuti nkhani yayamba kulowera kumene amakudziwa.

Kenako mtsikana wina anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Pepani achimwene, nanga za nsawawa tifika nthawi yanji?"

Funsolo linandizunguza mutu, koma ndinali nditawerenga kuti Socrates ankayankha funso ndi funso linzake mpaka wofunsayo atadzikola yekha. Ndinapinda manja kumbuyo, n'kunena modekha kuti, "Achemwali, tisanapite patali, kodi nsawawa n'chiyani?"

Apa m'pamene chipinda chinayaka moto. Wina anati nsawawa ndi mbewu, wina anati ndi chomera chonse, wina n'kukumbutsa anzake kuti Gregor Mendel, mmonke wa mumzinda wa Brno ku Ulaya, anakwatitsa nsawawa zazitali ndi zazifupi, ndipo pa mbadwo wachiwiri anapeza zazitali zitatu pa yaifupi imodzi iliyonse. Wina anawonjezera kuti zimene Mendel anasindikiza mu 1866 zinanyalanyazidwa mpaka 1900. Ine ndinkangoponya kuti, "Nanga kutalika n'chiyani?" ndipo mkangano unkakolera. Mayi aja anandiyamikira kuti njira yangayo inali yolimba mtima.

Ulemerero wanga unatha pamene chitseko chinatseguka, n'kulowa mnyamata wa thukuta kamukamu, atanyamula timabotolo tiwiri, kena ka nsawawa zachikasu, kena ka zobiriwira. Anapepesa chifukwa chochedwa, kenako anandiyang'ana n'kufunsa kuti ndine yani. Funso limenelo lokha sindinalibweze.

Ndinasonkhanitsa mapepala anga mwaulemu wonse umene unatsala, n'kuthamangira m'chipinda choyandikana nacho, kumene ndinapeza aphunzitsi anga enieni, amene sanachoke n'komwe, akutseka chikwama. Anamvetsera nkhani yanga osaphethira, n'kulamula kuti Socrates ndidzamuzengenso mlandu mlungu wotsatira. Madzulo ake ndinalandira imelo yochokera kwa mayi a magalasi aja, yopita kwa onse amene anasayina papepala lija, yotikumbutsa kuti chimangirizo cha masamba asanu chonena za Mendel chikufunika Lachisanu.