Magineto a Fordson anandivinitsa ingoma ku Tsangano

Amalume anga ku Tsangano ali ndi chithirakitala cha Fordson Major, zija ankapanga ku Dagenham kuyambira 1945, chopanda batire, choliza ndi handulo kutsogolo, umachidzutsa ndi petulo chikatentha ndiye umatembenuzira ku parafini. Chinakhala pansi pa mpichesi mpaka nkhuku kumaikira pampando, koma chaka chino akuti ayi mphwanga tichidzutse chizikoka mbatata ya kachewere kukafika kumsewu, a malole atidyera mokwana.

Poyamba akuti tione ngati magineto ali ndi moto. "Gwira waya uyu mphwanga, usaope mulibe batire umu." Ine kugwiradi ndi dzanja lonse, iwo kupukusa handulo pang'onopang'ono, magineto kuti thwa! Abale inu. Chinthu chija chimapanga chokha magetsi ndi maginito ake, shoko inalowera kuchala kukatulukira kuchidendene, ndinadumpha ndikuponda pansi mwamphamvu ngati ndili pa ingoma, chishango chokha ndiye chinasowa. Amalume osandifunsa nkomwe kuti wapweteka, akungoti "eya moto ulipo, wabwinonso" kkkk.

Kenako taimingi, kutchera kuti moto uzigwa pa nthawi yake. Tinachotsa pulagi yoyamba, ine kutseka bowo ndi chala chachikulu, iwo kupukusa mpaka mpweya unakankha chala, ndiye kuti pisitoni ikukwera pa kompuresheni. Apa amakaniko amapanikiza kapepala kopyapyala ka ndudu pakati pa mapointi, tizitsulo tiwiri togundana m'magineto, kakangoyamba kusololoka ndiye kuti mapointi akutseguka, moto ugwera pomwepo. Koma amalume fodya wawo ndi chingambwe chopichirira pa pepala la kope, ndiye anang'amba chikuto cha kope la mdzukulu wawo, akuti pepala ndi pepala. Chipepala chokhuthala chimasololoka mapointi atatseguka kalekale, moto ukubwera pisitoni isanafike pamwamba, ife osadziwa.

"Pukusa iwe, ndiwe wamagazi." Ndinalavulira m'manja, kukoka kamodzi, injini inabweza handulo chammbuyo ine kukagwa chagada m'matope a kukhola la nkhumba, ku ekizozi kuti phuu, mbuzi kudula zingwe, azakhali kutaya lichero la ufa akuthawira kuseri kwa nkhokwe uku akuitana Yesu.

Ndili gone m'matopemo dzanja litachita dzanzi, amalume anandiyang'ana nkuti, "Wamva? Chatsokomola chimenechi. Dzuka upukusenso chisanazizire."