Masamba a chinangwa amanama

Kwathu ku Nkhotakota ndikanena kuti digiri yachiwiri yomwe ndikuchita ku Bunda ndi ya chinangwa, anthu amaseka. Mayi aang'ono anachita kundifunsa kuti, "Mwanawe, chinangwa n'chopitira kusukulu?"

Khate la chinangwa mlimi aliyense amalidziwa: masamba amapiringizika, mbewu n'kupinimbira. Koma nthenda yomwe ine ndikufufuza, cassava brown streak, ndi yamseri. Akatswiri anaizindikira mu 1936 ku Amani, ku Tanzania, ndipo imakonda madera otsika ngati kuno kunyanja. Masamba akunsi amangochita chikasu m'mbali mwa mitsempha, kenako amayoyoka, mtengo n'kumaoneka wathanzi. Zoona zake mumazionera pa mpeni. Mukasenda mumapeza m'kati muli zigamba zofiirira, zouma gwa. Amayi amayamba asema mbali zowolazo asanaviike, ndiye chinangwa chimene chikanakhala kondowole wa ana chimathera kudzala.

Kavairasi kake kamafala ndi tintchentche toyera tokhala kunsi kwa masamba, koma chomwe chimandipweteka mtima n'chakuti timakagawananso tokha. Mbewu ya chinangwa sitigula, timapemphana. Mnansi amakudulira mitengo ndi mtima wabwino, poona masamba ali biriwiri.

N'chifukwa chake labu ili yofunika. Kachilomboka ndi ka RNA, kanthu kosunga chibadwa chake komwe timafufuza m'tsamba, ndipo RNA sichedwa kuwonongeka ikatenthedwa. Masamba ndimathothola m'mamawa, n'kuwaika m'bokosi la ayezi, ulendo wa ku Lilongwe kudzera pa Salima mtima uli m'mwamba. Kulabu timawasinja m'kamtondo kadothi loyera, timathira mankhwala otchedwa CTAB kuti tichotse zonanda zomwe zimadzaza m'tsamba la chinangwa, kenako RT-PCR, njira yochulukitsa m'makina zizindikiro za kavairasi kuti zioneke. Kamzere kakawala pa jelo, kachibenthu kofewa komwe timaonerapo zotsatira, ndiye kuti mtengowo uli nako, ngakhale mwini munda atalumbira. Magetsi akathima makina ali pakati, mumayambiranso, ndipo mankhwala ake ndi odula, ochokera kunja.

Mbewu yoyera, yopanda kavairasi, imatheka. Timadula kansonga kenikeni ka mphukira, kosakwana milimita imodzi, komwe kavairasi nthawi zambiri kamakhala kasanafike, n'kukameretsa m'botolo. Vuto limayamba ikafika kumunda, pomwe munda woyandikana nawo uli wodwala ndipo tintchentche sitidziwa malire. Funso lomwe aphunzitsi ondiyang'anira andipatsa ndi lomweli: mbewu yoyerayo imakhala yoyera kwa zaka zingati kuno kunyanja, mlimi asanafunikenso ina?